Magetsi a LED amene anatiikira m'makalasi, zabwino zake ndi pomwe anatikhumudwitsa

Amene mukuganiza zosintha magetsi a m'makalasi pasukulu panu kuti muike a LED ine ndikuti chitani ndithu, koma musangothamangira ku hadiweya kukagula makatoni a machubu kenako n'kumuuza mnyamata wa makwerero kuti azingosomeka momwe munali akale aja. Ine ndimaphunzitsa Physics pasekondale ina yogonera konko kuno kuchigawo chapakati ndipo komiti inandisankha kuti ndiziyenda nawo anthu a kampani imene inagwira ntchitoyi, ndiye zambiri ndaziona ndi maso. Kampaniyo ndi ya ku Lilongwe, dzina sinditchula poti pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo ndizinena momwe zilili.

Kale m'kalasi iliyonse munali nyali 6 za machubu awiriawiri, aja aatali a 36W oyendera choki ndi sitata, tizipangizo tomwe timathandiza chubu kuyaka. Kunena kuti munali ndiye kuti zitsulo zake zinalimo, koma oyaka mwina theka, ena akuda kumapeto, ena ophethiraphethira usiku wonse mpaka mwana amakwera pa desiki kukapotokola sitata kuti kalasi ikhale pamtendere. Nthawi ya pulepu ana amakokera madesiki pansi pa chubu chomwe chikuyaka bwino, ofika mochedwa kumakhala kumbuyo kumdima kuja akuwerenga buku ataligunditsa kumaso. Ndipo magetsi akabwera ofooka madzulo, nthawi imene aliyense wayatsa kuka, machubu amenewa amangolira osayaka. Miyezi ya June ndi July ndiye zimapweteka kwambiri chifukwa hafu faivi kwayamba kale kuda, komanso ndi nthawi yomwe a Fomu 4 akulimbana ndi MSCE.

Chinthu choyamba chimene ndinawakondera anthuwa n'choti sanayambe ndi kutionetsa katundu. Anabwera madzulo dala, ndi kamakina koyezera kuwala kotchedwa lux meter, n'kumakaika pamwamba pa desiki, kutsogolo, pakati, kumakona, mpaka pa bolodi. Manambala ake anali omvetsa chisoni, kumbuyo kwa makalasi ena samafika ndi 100 yomwe, pamene muyezo womwe iwo amatsatira, wa ku Ulaya uja wa EN 12464-1, umafuna kuti pa desiki la mwana pazikhala ma lux 300 mpaka 500, ndipo pa bolodi 500. Ahedi ataona manambala aja pa pepala nkhani ya ndalama inayamba kuyenda mwachangu, chifukwa kudandaula kwa ana kuti maso akuwawa anthu amakutenga ngati ulesi koma nambala palibe amene amaitsutsa.

Apa mpomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe masukulu ambiri akutayira ndalama. Ife tinazolowera kufunsa kuti babu ili ndi la mawati angati, koma mawati amangokuuza magetsi amene babu likudya, kuwala kwake amayeza ndi malumeni, ndipo kuwala komwe kwafikadi pa kope la mwana ndiye ma lux aja, lux imodzi ndi lumeni imodzi pa sikweya mita. Kalasi yathu ndi ya mamita 7 kwa 8, masikweya mita 56, ndiye kuti pafike 300 paliponse pakufunika malumeni 16,800 ogwera pa madesiki penipeni, koma si kuwala konse kotuluka mu nyali kumene kumafika pamenepo, kwina kumamezedwa ndi makoma, kwina ndi siling'i yakuda ndi utsi wa makandulo, kwina kumatulukira pazenera. Iwo anatiikira nyali 6 za 36W iliyonse yotulutsa malumeni 3,600, zonse pamodzi 21,600, ndipo atayezanso pakati pa kalasi panapitirira 300, kumakona akumbuyo kunatsikako pang'ono. Ine ndikanakonda zikanakhala 8 kuti makona nawo akwane, ndinanena, koma bajeti inakana. Tsono taganizani sukulu imene yangoika mababu awiri a 9W pakati pa kalasi n'kumati ifenso tili ndi LED, malumeni ake onse safika ndi 2,000, mwana wapakona akuwerengera mumdima basi.

Kaikidwe kake ndi komwe kanandionetsa kuti anthuwa ntchito amaidziwa. Nyali anaziika m'mizere iwiri yotsata khoma la mazenera, kutalika kwa nyali kukuloza ku bolodi, kuti mwana akadzutsa mutu asakumane ndi chinyali chopingasa chikumuthobwa m'maso. Mzere uliwonse uli ndi swichi yakeyake. Poyamba ena amati bwanji osangoika swichi imodzi tichepetse waya, koma mmawa wa mitambo kapena nthawi ya chiperoni mumangoyatsa mzere wa mbali yamdima, wa kuzenera n'kuusiya, mayunitsi theka apulumuka pamenepo. Kenako pali nyali ziwiri za 18W za bolodi zokha, zili pafupifupi mita imodzi kuchokera pakhoma ndipo zili ndi kachitsulo kotchinga kuti kuwala kuzipita ku bolodi osati m'maso mwa ana. Aphunzitsi anzanga, nyali za bolodi zimenezi musadzazichotse mu kotesheni ngakhale ndalama zitavuta bwanji. Ine ndimajambula masekiti ndi magirafu ndi choko chachikasu ndi chobiriwira, kale a kumbuyo amangoti sala sitikuona, pano amakopera okha osadzuka pampando. Bolodi lathu tinalipakanso penti yosanyezimira chifukwa lakale lija linasalala ndi kufufuta mpaka limabweza kuwala.

Panali mkangano pa nkhani ya mtundu wa kuwala. Pakatoni amalemba 3000K, 4000K kapena 6500K, nambala yochepa ndi kuwala kwachikasu kuja, yaikulu ndi koyera kopita ku buluu. M'mashopu ambiri kuno mumadzaza za 6500K chifukwa anthu timaona ngati ndi zomwe zimawala kwambiri, ndipo a komiti ena amafuna zomwezo, amati tagula zodula ndiye ziziwala mbee zioneke kuchokera kumsewu. Injiniya wawo anakana mwaulemu, anayatsa ya 4000K m'kalasi ina ya 6500K m'kalasi ina n'kutiuza kuti tikhalemo tiwerenge nyuzi. Ya 6500K pepala limachita kubaya m'maso makamaka usiku, ya 4000K ndi yoyera bwinobwino koma yofatsa, ndipo malumeni ake ndi omwewo. Tinasankha 4000K ndipo mpaka pano palibe wadandaulapo. Kuhositelo ndiye anaika za 3000K poti kumeneko anthu akupita kukagona. Anationetsanso nambala ina yomwe ambiri sitiiyang'ana, ya CRI, imene imanena ngati mitundu ya zinthu ikuoneka yeniyeni pansi pa nyaliyo, m'kalasi isachepere 80. Ku labu zimenezi n'zofunika zedi, mwana akuchita titration, kudonthezera mankhwala amadzi mu ena pang'onopang'ono, akuyenera aone pomwe madzi ayamba kusintha kukhala pinki, kapena mizere ya mitundu pa resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi mu sekiti, nyali yabodza yofiira ndi ya bulauni zimaoneka chimodzimodzi.

Nyali zake zili ndi chivindikiro choyera ngati mkaka, timadontho ta LED sitioneka, ndipo sizithobwa ngakhale uyang'ane m'mwamba. Chivindikirocho chimatsekanso bwino moti fumbi la choko ndi tizilombo sizilowa mkati, nyengo ya ngumbi timangosesa pansi mmawa, osati kale lija zimadzaza mu chitsulo cha nyali mpaka kununkha.

Za kuphethira nazo, anthu ambiri amaganiza kuti LED siphethira. Zotchipa zimaphethira ndithu, kungoti mwachangu moti diso silikugwira. Magetsi athu ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi, ndiye nyali yopanda driver wabwino, kachipangizo kamkati kokonza magetsi asanafike ku LED, imachita kuzima ndi kuyaka ka 100 pa sekondi, ndipo ana ena mutu umawapweteka osadziwa chifukwa chake. Kuyesa kwake n'kosavuta, tsegulani kamera ya foni muloze nyaliyo, mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini ndiye kuti imeneyo ikuphethira. Ndinayesa zawo zonse za buloko yoyamba, zinali zoyera, ndinayesanso chubu china chomwe tinagulapo kale pamsika cholembedwa mawati ambirimbiri koma chopepuka, mizere yokhayokha, komanso kuwala kwake sikumafika theka la zomwe analemba pakatoni.

China chomwe anatiuza chosakhudza katundu wawo n'chakuti tipake makoma ndi siling'i penti yoyera tisanayambe n'komwe kuika nyali. Makoma athu anali ndi penti yabuluu woderapo kufika m'mapewa. Titapaka yoyera m'mwamba ndi kirimu m'munsi, manambala a pa kamakina koyezera kuwala kaja anakwera ndithu nyali zili zomwe zija. Munthu wongofuna kugulitsa akanangoti onjezerani nyali.

Tsopano nkhani ya bilu, pomwe ndikuona kuti anatilonjeza mopitirira. Pa pepala masamu ake ali chonchi, chubu cha 36W ukaphatikiza ndi zomwe choki amadya chimafika cha m'ma 43W, machubu 12 ndiye kuposa 500W pa kalasi, pamene zatsopanozi 6 kuchulukitsa 36 ndi 216W, kuphatikiza za bolodi 36W, zonse 252W. Theka ndithu. Mukayatsa maola 4 patsiku ndi yunitsi imodzi pa kalasi m'malo mwa awiri, makalasi 8 ndiye mayunitsi 8 m'malo mwa 16. Iwo pokamba ndi komiti anagogomezera kwambiri theka limeneli, koma anaiwala kapena sanafune kunena kuti machubu athu theka anali akufa kale, ndiye sitimadya 500W ayi. Mwezi woyamba abasala atayang'ana mayunitsi a ESCOM anaona kuti atsika pang'ono chabe, n'kuyamba kufunsa kuti ndalama zonse zija zapita kuti. Zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti magetsi tikulipira pafupifupi omwewo koma pano kalasi yonse ikuwala pomwe kale timalipira mdima, komanso kuti mita yomweyo ndi imene ikudyetsa mapoto a kukhitchini ndi pampu ya madzi, zomwe zimadya kwambiri kuposa nyali zonse pamodzi. Kampani ikanangonena zoona poyamba palibe akanakhumudwa. Pomwe tapulumutsa ndalama zooneka ndi pa masitata, machoki ndi machubu omwe timagula teremu iliyonse, zimenezo zatheratu.

Phindu lalikulu kwa ine lili pa nthawi yomwe magetsi azima. Tonse tikukumbukira namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, pulepu inasanduka ya makandulo ndi matochi a mabatire, ndipo kandulo pasukulu yogonera ndi ngozi yoopsa. Batire limodzi la 12V 200Ah limasunga 2.4kWh (kWh imodzi ndi yunitsi imodzi), ngati ndi la asidi lija mumagwiritsa theka kuti lisafe msanga, ndiye muli ndi 1.2kWh. Kalasi ya 252W kwa maola atatu imadya cha m'ma 0.75kWh, kutanthauza kuti batire limodzi likukwana pulepu yonse ya kalasi imodzi ndi kutsalako, pomwe ndi machubu akale likanathera panjira. Anatilumikizira makalasi a Fomu 2 ndi Fomu 4 ku invata, makina osandutsa magetsi a m'batire kukhala ngati a ESCOM, ndi sola pawaya wapadera wa nyali zokha, masoketi sanawaikeko dala kuti wina asadzasomekepo ketulo kapena ayironi. Zikuyenda bwino kwabasi, ESCOM ikachoka ana samazindikira n'komwe. Magetsi ofooka aja nawonso sakutivutanso, nyalizi zimayaka ngakhale atatsika pansi pa 200V.

Koma mvula itayamba mpomwe ndinakwiya nawo. Kunagwa mphenzi chapafupi usiku wina, mmawa nyali zingapo za buloko ya kumapeto zinapezeka zapsa. LED yeniyeniyo imakhalitsa, pakatoni analemba maola 30,000, koma kamene kamafa msanga ndi ka driver kamkati, sikapirira magetsi akabwera mwamphamvu. Munthu amene amagwira ntchito imeneyi m'Malawi muno akudziwa bwino mmene mphenzi zimachitira kuyambira November, akudziwanso mmene magetsi amabwerera mwaukali akazima, ndiye surge protector, chipangizo choteteza zinthu magetsi akabwera mwamphamvu, amayenera kukhala mu kotesheni kuyambira pachiyambi. Sanamuikemo, ndikuganiza kuti amafuna mtengo wawo uoneke wotsika kuposa anzawo. Titawaimbira anayamba ndi kunena kuti waranti sikhudza mphenzi, zomwe n'zoona zinalembedwa pa pepala, koma ife tinati nanga amene amayenera kutichenjeza ndani? Tinakokana, mafoni osayankhidwa, mawa mawa osatha, ana a buloko imeneyo akuchita pulepu modzazana m'makalasi a anzawo. Pamapeto anasintha nyalizo ulere ife n'kulipira surge protector wa pa bokosi lalikulu la magetsi. Chiikireni sizinapsenso.

Vuto lina ndi la mtundu wa nyali umene anasankha. Ndi zija zomatiratu, chubu ndi chitsulo ndi chinthu chimodzi, ikafa simungangochotsa chubu n'kuika china ngati kale, pamafunika wa magetsi amasule waya achotse yonse. Kuwala kwake n'kwabwino kuposa machubu a LED osomeka m'zitsulo zakale, izi sindikutsutsa, koma kwa sukulu yomwe ili kutali ndi tauni ndi chinthu choganizira bwino. Komanso nyali ya 4000K yofanana ndendende ndi yathu sipezeka pa boma pathu pano, mashopu onse ndi 6500K, ndiye ikafa imodzi n'kuika ya m'shopu kalasi imaoneka mawangamawanga. Muwauze akusiyireni zapadera zingapo tsiku lomwelo, chifukwa mitengo ya zinthu zochokera kunja sikhazikika, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 zonse za magetsi zinakwera nthawi yomweyo.

Machubu akale aja anangowaunjika kuseri kwa labu n'kumapita. Izi sizinandisangalatse m'pang'ono pomwe. M'machubu amenewa muli mercury, akasweka nthunzi yake ndi poizoni, ndipo ana aang'ono a m'nyumba za aphunzitsi anayamba kale kuwatola kumaseweretsa. Ndinawalongedza ndekha m'makatoni a nyali zatsopano n'kuwatsekera mu sitolo, mpaka pano ali momwemo. Maiko omwe ali mu pangano la Minamata, lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, anagwirizana mu 2023 kuti machubu otere asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa maiko pofika 2027, ndiye masukulu ambiri akhala akuwachotsa zaka zikubwerazi, kampani yoika nyali zatsopano iziyankhanso kuti zakalezo ikupita nazo kuti.

M'makonde ndi kuzimbudzi anaika nyali za sensa zoyaka zokha munthu akamadutsa. Kuzimbudzi zathandiza, atsikana sakuopanso kupita usiku ndipo palibe zoiwala kuzimitsa. M'makonde ndiye sizinagwire, galu akadutsa zayaka, mphepo ikagwedeza nthambi zayaka, alonda anadandaula kuti sakudziwa ngati kukubwera munthu kapena ayi, tinawauza azichotse aike swichi wamba.

Anyamata awo ogwira ntchito anali aulemu, amagwira Loweruka ndi masana ana akaweruka kuti asasokoneze maphunziro, waya yense anadutsa m'mapaipi osati kungolendewera, ndipo wamkulu wawo anationetsa chiphaso chake cha MERA tisanafunse n'komwe. Mu siling'i mwathu muli mileme yambiri koma analowamo osanyinyirika, anapezanso malo awiri pomwe waya wakale anali wodyedwa ndi makoswe n'kukonza osawonjezera mtengo. Pa kagwiridwe ka ntchito ndi kaikidwe ka nyali ndikhoza kuwapatsa 8 pa 10, pa kusamala kasitomala ndalama atalandira kale 4 basi.

Anzathu a m'ma CDSS amene makalasi anu alibe siling'i, pamwamba ndi malata okhaokha ndipo mazenera ndi mabuloko a zibowo aja, nkhani yanu ndi yosiyanako. Nyali musaikhomere ku mtanda wa denga m'mwamba mwenimweni, kuwala kumathera m'malere komanso malata akatentha masana driver amafa msanga, itsitseni ndi tcheni kapena kachitsulo ifike cha m'mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, poti mwana sangaifikire ndi dzanja. Ndipo poti ambiri muli ndi ophunzira a Open amene amaweruka kutada, muyezo wanu ukhale wa 500 uja ngati thumba likulola, akuluakulu maso awo amafuna kuwala kochuluka kuposa ana. Ngati ndalama ndi za kalasi imodzi yokha, ikonzeni imodziyo mokwanira ikhale ya pulepu, kusiyana ndi kumwaza babu limodzilimodzi m'makalasi onse.

Pano tikukambirana nawo za holo momwe timalembera mayeso a MANEB. Denga lake ndi lalitali kwambiri moti nyali za m'kalasi zija sizingathandize, akuti pakufunika zina zozungulira zoponya kuwala pansi. Komiti yavomera kuti abwerenso iwo omwewo koma tawauza kuti mu kotesheni alembemo ma lux amene akulonjeza pa desiki ndipo tidzayeza limodzi usiku tisanapereke ndalama yomaliza, alembemo surge protector, nyali zapadera zosiya pasukulu, masiku omwe azitenga kubwera tikawaitana pa waranti, ndi kuti machubu akale a mu holo pamodzi ndi aja ali mu sitolo adzanyamule okha. Kotesheni yoyamba yabwera ilibe ziwiri mwa zimenezi, taibweza.